Mkamwini ndi Mipesa Yake

A Andireya Sakala anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Madzimoyo, koma zaka zawo zambiri anazidyera kwathu, mbali ya Tamanda, kumene anakhala pa chikamwini zaka 47. Anakwatira amayi anga aang'ono, a Yosefina, choncho ine ndinkawaitana abambo. Iwo ankandiitana amake Boyd. Anthu ena ankangoti "a mphesa", chifukwa m'dera lathu lonse ndi iwo okha amene ankalima mphesa ndi kupanga vinyo.

Mphesazo anazidziwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atalowa ntchito ya m'dimba panyumba ya mzungu wina wa mishoni. Kuseri kwa khitchini kunali chisanja cha mipesa isanu ndi umodzi. Mzunguyo ankati mbewu yake inachokera ku Kepi, kum'mwera kwenikweni, ndipo inabwera pa sitima itakulungidwa m'saka lonyowa. Ankatinso kumeneko mapiri athunthu ndi mphesa zokhazokha, monga umakhalira fodya kuno. Ngati zinalidi choncho sindidziwa. Ndikulemba zimene a Sakala ankanena.

Mzunguyo sankapanga vinyo. Ankangodya zipatso, mkazi wake n'kumaphika jamu. Chimene anawaphunzitsa a Sakala ndi kudulira: nthawi yake, ndi malo oika mpeni. Mzunguyo atabwerera kwawo, m'nyumbamo munalowa mphunzitsi amene ankamanga mbuzi pachisanja chija. A Sakala anali atangokwatira kumene. M'mwezi wa Juni anapita kukapempha nthambi khumi ndi ziwiri, n'kudzazibzala pamalo amene apongozi awo anawapatsa. Anali malo amene aliyense anawakana: chitunda cha miyala chotsetserekera kumtsinje.

Vinyo anaphunzira okha, potengera mmene amayi awo ankafululira mowa. Wa chaka choyamba anasanduka viniga. Wa chaka chachiwiri ananunkha nkhungu. Wa chaka chachitatu anaphulitsa mabotolo onse m'chipinda, a Yosefina n'kuthamangira panja poyesa kuti ndi mfuti. Nkhani imeneyi a Yosefina ankaikonda, ndipo chaka chilichonse mabotolo ophulikawo ankachuluka.

Pamene ine ndinabwerera kumudzi, bambo ake Boyd atamwalira, mipesa inali itakwana makumi asanu ndi atatu, m'mizere khumi, mkati mwa mpanda wa nkhadze. Nyumba yanga inali kuseri kwa mpandawo. Ndinkathandiza a Yosefina kutsuka mabotolo ndi kutunga madzi, chifukwa mpesa kuno umaphuka nthawi ya chilimwe, dzuwa lili pamutu, ndipo umafuna ndowa m'mawa uliwonse. Anthu ena sankalowamo kawirikawiri. Mpanda unali wotchinga mbuzi ndi ana, koma akuluakulu a mpingo nawonso sankafuna kuoneka akulowa malo opangira chakumwa.

Mbewu inali imodzi, mphesa zazing'ono zakuda za fungo lamphamvu, koma vinyo ankatuluka wa mitundu itatu. Mizere ya kumtunda, ya pamiyala, inkabala matsango ochepa a khungu lolimba. Amenewa a Sakala ankawafinya ndi manja n'kuwasiya m'mbiya pamodzi ndi makungu ake masiku khumi, akuvundula m'mawa ndi madzulo. Vinyo wake anali wofiira mpaka kuda, womanga lilime ngati nthochi yosapsa. Ankamutsekera m'mabotolo ndi chitsononkho ndi phula la njuchi, n'kumuiwala chaka chathunthu, ndipo akamatsegulidwa amakhala atafewa. Mizere ya kumunsi, kufupi ndi madzi, inkabala kwambiri, koma vinyo wake anali wopepuka, wofiira ngati madzi a chidede. Ameneyu sankachedwa kusasa, ankayenera kutha Pasaka isanafike. Wachitatu anali wa Mgonero. Ankasankha matsango opsa bwino, kufinya, kuwiritsa tsiku lomwelo kuti asalule, n'kuthiramo uchi pang'ono. Zaka zimene m'masitolo munalibe kanthu, mpingo wathu unkadalira ameneyu. Pambuyo pake akulu a mpingo anayamba kugula zakumwa za m'mabotolo ku Chipata, ndipo a Sakala sanadandaule. Anangosiya kuwiritsa.

Wa kumtunda ndi wa kumunsi ankapita kwa aphunzitsi, anamwino awiri kapena atatu, ndi bambo mfumu wina amene ankabwera pa njinga yamoto. A Sakala eni ake ankamwa kapu imodzi Lamulungu masana, pakhonde, iwo theka a Yosefina theka. Sindinawaonepo ataledzera. Anali munthu wamfupi, wosalankhula kwambiri, wa zala zakuda ndi madzi a mphesa kuyambira Novembala mpaka Khirisimasi. Mantha awo anali mvula yoyamba, chifukwa ikapeza mphesa zisanathyoledwe zimang'ambika n'kuola. Anthu onse akamapempherera mvula, iwo ankanena ameni motsitsa mawu.

Ana analibe. Mmodzi anabadwa, sanakwanitse chaka.

A Yosefina anamwalira mu Epulo 2021. Pamwambo wathu, mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, ndiko kuti abale a mkazi amamumasula kuti abwerere kwawo. Munda, mitengo ndi nyumba zimatsala, chifukwa nthaka ndi ya mbumba ya mkazi. Pakakhala ana, nthawi zambiri bambo amasiyidwa kuti akalambire pakati pa ana ake. Apa panalibe. Mwini mbumba anali atsibweni anga a Simoni, mlongo wawo wa a Yosefina, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ndipo amakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Anagwirizana ndi abale kuti kusudzula kudzakhale kumapeto kwa Juni, anthu atakolola, ndipo nyumba ndi munda zidzapite kwa mdzukulu wawo Malcolm. Sanalankhule mwaukali, ndipo a Sakala sanatsutse. Ine anangondiuza kuti, "Bola ndi Juni, amake Boyd. Mpesa umasamuka mu Juni."

Zimene ankatanthauza ndi izi. Kukazizira mpesa umagona, masamba amayoyoka, ndipo ndiyo nthawi yodulira. Nthambi zonse za chaka chatha zimachotsedwa, n'kusiya maso awiri okha pa iliyonse, mpaka mtengo kuoneka ngati chitsa. Ukapanda kutero, mphamvu yonse imathera ku masamba. Nthambi zodulidwazo, ukazibzala zisanaume, zimamera. A Sakala anaganiza zodulira munda wonse kuti Malcolm adzaupeze wokonzeka, iwo n'kutenga nthambi zotayazo kukayamba nazo kwawo. Sanauze aliyense wa akuluakulu. Sanaone chifukwa chopemphera zinyalala.

M'mawa wina wozizira, a Sakala atamaliza kudulira mizere isanu ya kumtunda, atsibweni analowa m'mundamo. Anali atabwera dzulo lake kudzakonzekera mwambo. Ine ndinali pachitsime ndi ndowa.

"Alamu! Mukuchita chiyani?"

"Ndikudulira, alamu. Mwadzuka bwanji?"

"Uku n'kudulira? Mwameta munda mpala!"

"Theka chabe. Theka linalo mawa."

"Mawa kulibe. Tulani mpeniwo."

A Sakala anapukuta mpeni pa buluku n'kuupinda. "Mpesa ukapanda kudulidwa subala, alamu. Ndimadula chaka chilichonse."

"Chaka chilichonse mumamanganso mitolo? Iyi ikupita kuti?"

"Kwathu. Ndi zinyalala izi, zikanapita pamoto."

"Zinyalala zomanga ndi luzi, n'kufunditsa saka ngati mwana wodwala? Ine ndagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu, alamu. Katundu wothawitsa ndimamudziwa."

Atsibweni si munthu woipa. Kwathu aliyense amakumbukira mkamwini wina amene, atauzidwa kuti azipita, anagwetsa malalanje onse amene anabzala yekha, kuti eni mudzi asadzadye thukuta lake. Munthu woona zitsa m'munda wa mkamwini wosudzulidwa amaganiza zimenezo. Kwathu mtengo wa zipatso wamoyo sitiudula. Mango, mapapaya, magwafa timangowasiya akule.

Nkhani inakambidwa tsiku la kusudzula lomwelo, pansi pa mango a pabwalo la a Yosefina. Kuchokera kwawo kwa a Sakala kunabwera mlongo wawo, a Getrude, mayi wamtali wa mawu akuthwa, ndi amuna awiri. Ena mwa anthu a m'mudzi ankadziwa kuti mphesa zimadulidwa chaka ndi chaka, poti ankaona utsi wa nthambi zotenthedwa, koma palibe amene anafuna kutsutsana ndi mwini mbumba pa tsiku lotere. Atsibweni anatembenukira kwa ine.

"Amake Boyd, iwe umalowa m'mundamo. Amaduladi chaka chilichonse?"

"Amadula, atsibweni."

"Kweza mawu. Mpaka kutsala zitsa?"

"Inde."

"Nanga mitolo? Unaonapo akumanga mitolo?"

"Mitolo sindinaionepo."

"Mwamva nokha," anatero atsibweni.

Zinali zoona, sindinaionepo. Zina zimene ndikanawonjezera zinandibwerera nditafika kale kunyumba.

A Getrude anadzuka n'kukutumula chitenje. "Achimwene, tiyeni. Zaka makumi anayi mwawatungira madzi, lero akuwerengerani timitengo. Asiyireni, aphikire nyemba. Kwathu kuli masuku, safuna ndowa."

"Mayi, tikulankhula mwaulemu pano," anatero atsibweni.

"Ulemu ndaumva, bambo. Wakwana."

Chigamulo chinali chakuti chilichonse chomera m'mundamo chitsale, ndipo mizere isanu yotsalayo isakhudzidwe. Mabotolo a vinyo anawalola kutenga. "Zakumwa zanuzo nyamulani, ife sitikuzifuna," anatero atsibweni. Malcolm anamasula mitolo ija n'kuponya nthambi m'mbali mwa mpanda. Madzulo ake a Sakala anakwera galimoto ndi sutikesi, njinga, Baibulo ndi makatoni awiri a mabotolo. Anagwirana chanza ndi aliyense, ndi atsibweni omwe. Kumunda sanayang'aneko.

Nthambi yodulidwa imakhala ndi moyo sabata imodzi, mwina kupitirira pang'ono ngati ili pamthunzi. Izi zinali zitatha kale masiku atatu pansi pa saka. Mawa lake ndinapita kukatola nkhuni, ndipo pobwerera ndinadzera kumpanda. Mzimayi wosenza nkhuni palibe amene amamuyang'ana kawiri. Kunyumba ndinakanda khungwa la nthambi iliyonse ndi chikhadabo. Zimene zinali zobiriwira mkati ndinazikwirira mumchenga wonyowa kuseri kwa khitchini, zouma ndinasonkhezeradi moto. Ngati ndinaphwanya chigamulo, kapena ndinangotola zotayidwa, sindinafunse munthu.

Patapita masiku awiri ndinauza anthu kuti ndikupita kukaona Boyd ku Chipata. Nthambi ndinaziika m'thumba, pamwamba n'kuthira mbatata. Nsonga zake zinkatulukira, ndipo kondakitala anaziona pokweza katundu.

"Amayi, nkhuni mukupita nazo m'tauni? Kumeneko kuli makala."

"Ndi mbewu."

"Mbewu ya ndodo? Ikabala mundisungire imodzi, agogo anga akuyenda movutika."

Ku Chipata ndinasintha basi, ndipo ndinafika kumudzi kwa a Sakala dzuwa litapendeka. Ndinawapeza atakhala pampando kunja kwa nyumba ya a Getrude, atavala jekete, manja ali pamaondo. Ndinali ndisanawaonepo atakhala chabe masana. Titapatsana moni ndinakhuthula mbatata. Anayang'ana nthambizo nthawi yaitali osazigwira.

"A Simoni akudziwa?"

"Iyayi, abambo."

"Uhm."

Kenako anagwada n'kuyamba kuzitembenuza imodzi imodzi. Nthambi ya mpesa ukaibzala chozondoka simera, ndiye podula iwo ankadula kumunsi mowongoka, kumutu mopendeketsa. Ine ndinali nditazisakaniza. Anaziyala zonse mitu mbali imodzi, akuwerenga chamumtima. Zinakwana makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, zonse za mizere ya kumtunda.

A Getrude anatuluka m'khitchini, manja ali m'chiuno. "Amake Boyd, ndimayesa ndinu munthu wachifundo. Munthu anayamba kupuma, inu mwamubweretsera ntchito. Madzi ake atunga ndani? Mjigo uli kusukulu uko."

"Nditunga ndekha," anatero a Sakala.

"Ndi msana uti? Umene ndimauthowa usiku uja?"

"Njinga ilipo."

"Mbatata zokha ndalandira, zikomo. Zinazo sindinazione."

Anazibzala mawa lake m'mawa, kuseri kwa nyumba, pamalo amene kale panali khola la ng'ombe la amayi awo. Iliyonse anaikwirira mpaka kutsala maso awiri kunja, n'kuphimba ndi udzu. Kuyambira pamenepo ankapita kumjigo kawiri patsiku ndi zigubu ziwiri panjinga, akukankha, chifukwa kupalasa anali atasiya. Anali ndi zaka 73. Mu Seputembala ananditumizira uthenga pafoni ya mdzukulu wa a Getrude: zaphuka khumi ndi imodzi. Zinayi zinadyedwa ndi chiswe mvula isanagwe. Zinatsala zisanu ndi ziwiri.

Kwathu, Novembala wa chaka chimenecho, mizere isanu yodulidwa ija inabala matsango akuda othithikana. Isanu yosadulidwa inachita masamba ambiri, mthunzi wabwino, ndi timatsango towawasa tobisala mkati. Atsibweni anabwera, anayenda m'mundamo manja ali kumbuyo, n'kunena kuti mbali ya kumtunda nthaka yake ndi yabwino. Mphesa zinadyedwa ndi ana ndi apumbwa, zina Malcolm anakagulitsa pamsewu. Vinyo palibe anayesa kupanga.

Juni wotsatira Malcolm anaima pampanda n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kudula kuja kunalidi kofunika. Ndinamuuza kuti inde, ndipo ndikhoza kumusonyeza poika mpeni. Anakanda m'mutu. Banja linali litagamula pabwalo kuti kudula n'kuwononga, ndipo wodula akanakhala ngati akunena kuti atsibweni analakwa. Anathira feteleza m'malo mwake. Mipesa inakula mwamphamvu, inagwetsa zisanja, inakwera nkhadze. Mvula itabwera masamba anachita nkhungu yoyera. Chaka chachitatu Malcolm anazula mizere ya kumunsi n'kubzala tomato ndi repu, zimene zikumuthandiza bwino. Ya kumtunda ikadalipo, yapiringizana ngati tchire, ndipo nkhuku zimaikira mazira m'menemo.

Ku Madzimoyo ndimapitako kawiri pachaka. Zisanja a Sakala anamanga zazifupi, zofika m'chiuno, chifukwa manja sakukweranso bwino. Novembala wathayu mipesa isanu ndi iwiri ija inabala koyamba. Anaiphimba ndi neti yakale ya udzudzu, n'kumakhala pambali pake ndi chitini cha miyala chopirikitsira mbalame. Anathyola beseni limodzi losadzaza, kutatsala masiku awiri kuti mvula igwe. Mbiya inali yaikulu kwambiri kwa mphesa zochepa chotero, ndiye anabwereka mtsuko wa a Getrude, umene mpaka lero akuti ukununkha. Munatuluka mabotolo awiri ndi theka.

Nditapitako mu Juni chaka chino, ndinawapeza atamaliza kudulira. Nthambi zinali pamthunzi, mitu mbali imodzi, ndipo kupitirira khola lakale lija anali atalambula malo ena, kulowera kumene kunali munda wa amayi awo. A Getrude anali pamkeka akusenda nyemba.

"Mwabwera bwino, amake Boyd, dzaoneni misala. Akuti mayenje makumi awiri."

"Makumi awiri ndi anayi," anatero a Sakala.

"Zidzabala liti?"

"Zaka zitatu."

"Inu muli nazo zaka zitatuzo?"

"Sanandiuze."

"Nanga mukapita, adzadula ndani? Ine musandiyang'ane."

"Mdzukulu wanu wamkazi uja ali ndi dzanja labwino. Dzulo wadula iwiri, sanalakwitse."

"Ameneyo akufuna unamwino, osati ndodo."

"Anamwino amadziwa kugwira mpeni."

A Getrude anaseka, n'kuwaponyera khoko la nyemba. A Sakala anatenga khasu ndi chingwe chokulunga pakamtengo, n'kundipatsa nsonga imodzi.

"Amake Boyd, kaimeni uko pachulu. Kokani kwambiri, mzere uwongoke."

Ndinakaima pachulu, ndipo iwo anayamba kukumba dzenje loyamba.